Mabuku a Nthano za Zithunzi: Ndi Ati Oyenera Kugula? Mafunso ndi Mayankho

Masiku ano, kholo likati likwere basi pa Katete kapena pa Sinda kunka ku Chipata kapena ku Lusaka, mwana amene kale akadapempha nsapato kapena mpira ali kupemphanso chinthu china chimene ambiri a ife sitinachipemphe kwa atate athu, ndicho buku lija limene nkhani yake iyenda ndi zithunzi m'timabokosi, limene anyamata alitcha komiki kapena buku la makatuni. Popeza ndalama ya m'mudzi idza kamodzi pa chaka, chimanga, nshawa, soya ndi thonje zikagulitsidwa, ndipo isanagone n'komwe m'nyumba yagawika kale pa feteleza, yunifolomu ndi mchere, n'koyenera kuti munthu adziwe chimene ali kugula asanatulutse kwacha yake. Mafunso ali m'munsiwa ndiwo amene makolo, aphunzitsi ndi ana a sukulu afunsa kawirikawiri, ndipo achita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Funso: Kodi buku la nthano za zithunzi lisiyana bwanji ndi buku lina lililonse lokhala ndi zithunzi?

Yankho: Buku lowerengera la kusukulu likhala ndi chithunzi apa ndi apo, koma chithunzicho chingoperekeza mawu, kotero kuti mutachichotsa nkhani itsala yathunthu. M'buku la nthano za zithunzi chosenza nkhani ndicho chithunzi, ndipo mawu, amene alembedwa m'kamtambo kotuluka pakamwa pa wolankhulayo, angothandiza pamene chithunzi sichikhoza kufika. Tsamba ligawidwa m'timabokosi, kabokosi kalikonse kagwira kamphindi kamodzi ka nkhani, ndipo zimene zachitika pakati pa kabokosi aka ndi kotsatira mmisiri sazijambula, azisiyira wowerenga kuti azione ndi maso a mumtima. Mukaona m'kabokosi koyamba mnyamata atakoka legeni, ndi m'kachiwiri nthenga zili kuuluka pansi pa mtengo, palibe amene wakuuzani kuti njiwa yagwa, koma mwadziwa. Ndipo luso lonse la mabuku awa lagona pa kampata kameneko.

Funso: Kodi zimenezi si zachilendo, zodza ndi masiku ano okha?

Yankho: Pepala ndi makina osindikizira n'zachilendo, koma kunena nkhani ndi chifanizo si kwachilendo ayi. Akafula ndi makolo athu Achewa anasiya zojambula zofiira ndi zoyera pa matanthwe a ku Mkoma kuno ku Katete, a ku Thandwe cha ku Chipata, ndi a ku Chongoni ku Dedza, ndipo a ku Chongoniwo bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ndiponso anamkungwi anali kulangiza ndi zifanizo zoumba kalekale sukulu isanadze. Ngakhale nthano zathu za pamoto zili ndi khalidwe lomwelo, ndipo amene anamva Julius Chongo pa wailesi ya Zambia m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo akumbukira kuti wokamba waluso aonetsa womvera chinthu chimodzi, nalumpha, naonetsa china, osafotokoza zonse.

Kunena za zosindikizidwa, nazonso zakhala pakati pathu zaka zoposa makumi asanu. Pakati pa 1968 ndi 1972 magazini ya African Film, yotulutsidwa ndi a Drum, inawerengedwa m'maiko ambiri a Africa olankhula Chingerezi, ndipo nkhani zake za wofufuza milandu Lance Spearman zinali zojambulidwa ndi kamera. Mu 1971 Unduna wa Zamaphunziro wa Zambia unayamba kutulutsa magazini ya ana ya Orbit, imene inaphunzitsa sayansi ndi mbiri mwa nthano za zithunzi. Ku Malawi magazini ya Moni ya ku Limbe inali ndi nkhani ya Chatsalira m'Chichewa, ndipo Brian Hara anaseketsa anthu ndi makatuni ake a Pewani. Mu 1996 a UNICEF anatulutsa nkhani za mtsikana Sara ndi pusi wake Zingo, ndipo mu 2000 ku South Africa kunabadwa Supa Strikas, nthano ya timu ya mpira imene inafika kuno kwathu m'kati mwa nyuzipepala. Chotero agogo ena amene lero adzudzula adzukulu awo chifukwa cha makatuni, iwonso anabwerekana Orbit pa ubwana wawo, ndipo sanaonongeke nayo.

Funso: Nanga mabuku atsopano achokera kuti, ndipo afika bwanji kuno?

Yankho: Ku America makampani aakulu, monga Marvel ndi DC, atulutsa timabuku topyapyala mwezi ndi mwezi, ndipo masitolo ogulitsa makomiki okhaokha alandira tatsopano Lachitatu lililonse, kabuku kamodzi kakhala ndi masamba a nkhani ngati 20, ndipo mtengo wake uli pa madola 4 kapena 5. Ku Japan kuchokera mabuku otchedwa manga, amene ambiri mwa iwo ndi a inki yakuda yokha, ndipo awerengedwa kuyambira kumanja kunka kumanzere. Ku France ndi ku Belgium apanga mabuku aakulu a zikuto zolimba. Africa nayenso wadzuka: ku Lagos kuli Comic Republic imene inayamba mu 2013, ku Kenya Shujaaz yakhala ikugawidwa kwa achinyamata kwaulere kuyambira mu 2010, ndipo ku South Africa Loyiso Mkize anayamba kujambula Kwezi mu 2014.

Kuno ku Mkaika, m'dera la Katete, mabuku otere safika ndi tsiku loikika. Adza m'chikwama cha mbale wochokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg, apezeka pa mulu wa wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, agawidwa ndi mabungwe pa sukulu ndi pa chipatala, ndiponso alowa m'nyumba kudzera pa foni. Chimene kwa ife chili chatsopano, kumene chinachokera chingakhale cha zaka zisanu zapitazo, ndipo pamenepo palibe chochititsa manyazi, chifukwa nthano yabwino sisasa.

Funso: Kodi buku likangotuluka kumene, ndithamangire kuligula lisanathe?

Yankho: Iyayi, dekhani mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Timabuku ta mwezi ndi mwezi tija si nkhani yathunthu, ndi chidutswa chabe, ndipo anatikonza mwadala kuti tithere pamene mtima wa wowerenga uli m'mwamba, kuti mwezi wa mawa abwerenso ndi ndalama. Munthu wa ku Vubwi amene wagula kabuku kachitatu ka nkhani ya timabuku tisanu ndi kamodzi, osadziwa ngati kachinayi kadzawoloka Luangwa n'kufika kuno, wagula chiyambi chopanda mathero kapena mathero opanda chiyambi. Osindikiza ali ndi chizolowezi chosonkhanitsa timabuku tisanu kapena tisanu ndi kamodzi m'buku limodzi lokhuthala patapita miyezi ingapo, ndipo buku limenelo ndilo loyenera ife, popeza nkhani yake ili yonse, chikuto chake n'cholimba, ndipo mtengo wake kawirikawiri uchepa poyerekeza ndi kugula kamodzikamodzi. Mbiri ya moyo wa Nelson Mandela, mwachitsanzo, inayamba kutuluka mu 2005 monga timabuku tisanu ndi titatu togawidwa kwaulere, koma pambuyo pake anatisonkhanitsa m'buku limodzi, ndipo lomwelo ndilo lingakhalitse pa sukulu.

Enanso anyengeka ndi mbiri yakuti komiki yoyamba ya nkhani iliyonse idzakwera mtengo m'tsogolo. N'zoona kuti Action Comics yoyamba ya mu 1938, m'mene Superman anaonekera koyamba, imene inagulidwa pa masenti 10, kope lake lina linagulitsidwa madola 6 miliyoni mu 2024. Komatu chifukwa chake n'chakuti makope otsala ndi owerengeka, ndipo zotere sizichitikira timabuku tosindikizidwa zikwizikwi lero lino. M'nyumba zathu, m'mene chiswe ndi chinyezi cha dzinja sizisiya pepala, buku ligulidwe kuti liwerengedwe, osati kuti lisungidwe ngati chuma.

Funso: Ndikaima pa sitolo, buku lili m'manja, ndingadziwe bwanji kuti zithunzi zake n'zaluso?

Yankho: Musayambe ndi chikuto, chifukwa osindikiza ambiri alemba mmisiri wina wojambula chikuto ndi wina wojambula za m'kati, ndipo akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Monga mlimi wogula ng'ombe yolimira sakhutira ndi kusalala kwa chikopa, koma aitsegula pakamwa, naiyendetsa kuti aone miyendo, inunso tsegulani buku pakati, phimbani timitambo ta mawu ndi zala zanu, ndipo yesani kutsata nkhani ndi maso okha. Ngati mwadziwa amene wakwiya, amene ali kunama, ndi kumene anthu ali kulowera, mmisiriyo adziwa ntchito yake. Koma ngati popanda mawu mwangoona mitu ya anthu yoyang'anizana, ndiye kuti wolemba wangobwereka zithunzi kuti zikongoletse tsamba.

Tiyese ndi nthano imene mwana aliyense wa kuno aidziwa, ya Kalulu amene anakana kukumba chitsime m'chaka cha chilala. Mmisiri waluso ayamba ndi kabokosi kakakulu kodzaza theka la tsamba, m'mene nyama zili kukumba, fumbi lili kobo, thukuta lili kuyenderera pamphumi pa Njovu, ndipo kungodya, pansi pa mtengo wouma, Kalulu wagona chagada ali kutafuna udzu. M'kabokosi kachiwiri kwada, mwezi wawala, Fisi wakhala pa mlomo wa chitsime kulonda. M'kachitatu Kalulu watulukira, dzanja limodzi ali kupereka moni, lina labisa chikho cha uchi kumbuyo. Kachinayi n'kakang'ono, ndipo muli maso a Fisi okha ndi dovu lolendewera. Pamenepo tsamba latha. Ndipo wowerenga akalitembenuza apeza kwacha, Fisi ali womangidwa ndi luzi miyendo yonse inayi, madzi avundulidwa, ndi mapazi a Kalulu alunjika kuthengo. Taonani kuti chodabwitsacho anachiika kuseri kwa tsamba, kuti diso lisachione nthawi isanakwane, ndiponso kuti kumanga kwenikweniko sanakujambule konse. Mmisiri wosakhwima akadajambula Kalulu ndi Fisi ataima chiimire m'timabokosi tonse, mawu ali thothotho kufotokoza zimene dzanja lake lalephera kuonetsa.

Chenjeraninso ndi mabuku amene zithunzi zake zapangidwa ndi kompyuta yokha popanda dzanja la mmisiri, amene ayamba kuchuluka masiku ano. Poyamba aoneka owala ndi osalala, koma mukayang'anitsitsa mupeza dzanja la zala zisanu ndi chimodzi, nkhope ya munthu mmodzi yosintha tsamba ndi tsamba, chitenje chimene maluwa ake asanduka ena pakati pa nkhani, ndi khasu logwiridwa monga sagwirira munthu amene analimapo.

Funso: Nanga za mawu ndi chilankhulo?

Yankho: Mawu a m'kamtambo ayenera kukhala ochepa, ndi omveka monga munthu wamoyo alankhulira. Werengani kamtambo kamodzi mokweza. Lilime likapunthwa, wolembayo sanamvetsere anthu. Buku la m'Chichewa limene analimasulira mwaulesi kuchokera ku Chingerezi lidziulula msanga, pakuti mdzukulu aitana agogo ake kuti iwe, mkamwini aima chiriri pamaso pa apongozi nalankhula ngati ali ndi mnzake wa pabwalo la mpira, ndipo mlendo alowa m'nyumba wosaodira. Mwana wowerenga zotere aphunzira Chichewa chopunduka pamodzi ndi mwambo wopunduka. Koma buku limene wolemba wake anaganiza m'chilankhulo chathu likhala ndi chuma chimene mabuku a kunja alibe, chifukwa Chichewa chili ndi mawu ambiri ofanizira kamvekedwe ndi kaonekedwe ka zinthu, ndipo munthu akagwa tilemba kuti khu, chikho chikasweka phwa, mudzi ukakhala chete zii, mlendo akatulukira mwadzidzidzi balamanthu.

Kholo lidziwenso kuti kalembedwe ka kusukulu za Zambia, kamene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977, kalemba c pamene mabuku a ku Malawi alemba ch. Chimenechi si chifukwa chokanira buku labwino lodzera pa Mwami kuchokera ku Lilongwe. Kungofunika kumuuza mwana wamng'ono kamodzi, ndipo azolowera. Za mabuku a Chingerezi, yesani mwana pa tsamba limodzi: akapunthwa pa mawu awiri kapena atatu, zithunzi zimuthandiza ndipo aphunzira, akapunthwa pa mzere uliwonse, bukulo lidikire chaka china.

Funso: Kodi kalimbidwe ka buku n'kofunika kukaganizira?

Yankho: Kuno kwathu n'kofunika koposa, popeza buku limodzi siliwerengedwa ndi mwana mmodzi, lichoka m'nyumba muno kunka kwa amalume, likwera njinga kunka kusukulu, lipita kubusa m'thumba la kabudula, ndipo pobwera lagwiridwa ndi manja a mudzi wonse. Kabuku kolumikizidwa ndi timawaya tiwiri pamsana kachita dzimbiri m'dzinja, ndipo masamba a pakati ndiwo ayamba kuthothoka. Buku lomatidwa ndi guluu wosalimba lithetheka msana m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Buku losokedwa ndi ulusi ndilo likhalitsa, ndipo mulizindikira potsegula pakati ndi kusuzumira m'khwawa la masamba, m'mene ulusi uoneka. Kwezani tsamba limodzi ku dzuwa, muone ngati zithunzi za kuseri zili kuonekera. Pakani chala chachikulu pa inki yakuda, muone ngati ichoka. Ndipo kwa wogulitsa mabuku akale musanyamuke musanaone tsamba lotsiriza, pakuti ambiri afika kunyumba ndi nthano yoduka mchira.

Buku loona lili ndi dzina la wolemba, la wojambula, la wosindikiza ndi chaka chimene linatuluka. Limene lilibe zimenezi, ndipo zithunzi zake n'zotuwa ngati zadzera pa makina a fotokope, ndi lakuba. Wogula buku lotere, ngakhale mtengo wake uchepe, alanda mmisiri mphotho ya thukuta lake, ndipo mawa tidzadandaula kuti kulibe wotijambulira.

Funso: Kodi buku lililonse la makatuni ndi la ana?

Yankho: Ili ndilo dzenje limene makolo ambiri agweramo. Ku America, ku Japan ndi ku Ulaya kuli mabuku a zithunzi ambirimbiri olembedwera akulu okhaokha, m'mene muli kukhetsa mwazi, zamaliseche ndi mawu otukwana, ndipo kajambulidwe kake ka maso aakulu ndi nkhope zosalala kangathe kupusitsa munthu kuti n'za ana. Mabuku ambiri a Chingerezi ali ndi chizindikiro kuchikuto cha kumbuyo: chilembo T chitanthauza kuti ndi la achinyamata, ndipo M ndi la akulu. Koma chizindikiro chimenecho anachiika anthu a dziko lina monga mwa miyambo yawo, ndipo sichingalowe m'malo mwa diso la kholo. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale kholo losadziwa Chingerezi likhoza kuweruza buku la zithunzi, pongotembenuza masamba onse kuyambira koyamba kufikira kotsiriza. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo chimene mwana waona ndi maso chikhazikika mumtima kuposa chimene wamva ndi khutu.

Funso: Kodi tiziyang'ananso m'mene bukulo litionetsera ife anthu akuda ndi miyambo yathu?

Yankho: Inde, ndipo mbiri itichenjeza. Buku la Hergé la ku Belgium lotchedwa Tintin au Congo, limene linatuluka mu 1931, linajambula anthu a ku Congo ngati ana aakulu a milomo yonenepa, aulesi ndi opusa, oyembekeza mzungu kuti awaganizire. Ndipo ngakhale mmisiriyo anali ndi dzanja laluso, bukulo si loyenera kupatsa mwana wopanda wamkulu womufotokozera. Ku South Africa, cha m'ma 1975, boma la tsankho linalipira mwachinsinsi komiki ya ngwazi yakuda yotchedwa Mighty Man, imene inali kumenya akuba a m'makomboni koma osatchula konse za chitupa ndi tsankho. Chotero nkhope yakuda pa chikuto si umboni wokwanira. Ngakhale Black Panther, amene Stan Lee ndi Jack Kirby anamulenga mu 1966, ndi mfumu ya dziko lopeka la Wakanda, ndipo mwana auzidwe kuti zimenezo n'zopeka za ku America, zokoma kuwerenga, koma si mbiri ya makolo ake.

Ife a ku Mkaika tili ndi chifukwa china chosamalira. Kuno ndiko ku likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti chaka ndi chaka, ndipo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, si choseweretsa. Buku limene litenga zilombo za gule n'kuzisandutsa mizukwa yoopseza ana, kapena limene lifuna kuulula za kudambwe kuti ligulidwe msanga, lisalowe m'nyumba mwanu. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tilandire luso lake ndi manja awiri. Koma kalumoko kasatimete ulemu wathu.

Funso: Nanga mabuku aulere ogawidwa ndi mabungwe, ali ndi phindu?

Yankho: Alandireni, koma muwayese ndi muyeso womwewo, pakuti nthawi ya mwana nayonso ili ndi mtengo. Nkhani za Sara zinakondedwa m'maiko ambiri chifukwa Sara anali mtsikana weniweni, wanzeru, wochita mantha nthawi zina, amene wowerenga anafuna kudziwa ngati adzabwerera kusukulu. Chiphunzitso chake chinalowa mumtima pamodzi ndi nthano. Koma alipo ena amene anthu ake angoima m'timabokosi kulalikirana za ukhondo, za edzi kapena za maukwati a ana, opanda nsanje, opanda njala, opanda nthabwala, ndipo mwana akatembenuza masamba awiri alisiya. Nkhani zimenezo n'zofunika ndithu kwa ife, makamaka pamene mafumu athu ali kulimbana ndi kukwatitsa ana aang'ono. Chifukwa chake tipempha mabungwe kuti alembe amisiri enieni, ndi kuwalola kukamba nthano.

Funso: Kodi si kwabwino kungowerenga pa foni, osagula pepala?

Yankho: Foni yatsegula khomo limene linali lotseka. A Comic Republic aika nkhani zawo zambiri pa intaneti kwaulere, ndipo African Storybook, imene inayamba mu 2014, ili ndi timabuku ta ana ta zithunzi m'zilankhulo zambiri za Africa, kuphatikizapo chathu. Njira yanzeru ndiyo kulawa pa foni masamba oyamba amene osindikiza aonetsa kwaulere, ndipo nkhani ikakoma, kufunafuna buku lake. Koma bandulo itha, batire ifuna kutchajidwa, galasi la foni lichepa kotero kuti tsamba limene mmisiri analikonza kuti lionedwe lonse pamodzi lioneka chidutswachidutswa, ndipo foni ya m'nyumba ikhala m'thumba la atate, amene sangaisiye kwa ana tsiku lonse. Koposa zonse, mwana amene ali yekha ndi foni palibe adziwa chimene watsegula, pamene buku la pepala liwerengedwa poyera, pakhonde, abale ake atamuzinga.

Funso: Kodi ndikhulupirire anthu amene ayamikira mabuku atsopano pa Facebook ndi pa YouTube?

Yankho: Amvereni, koma kumbukirani kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ambiri a iwo alandira mabukuwo kwaulere kwa osindikiza, ndipo alankhula kwa anthu amene agula sabata ndi sabata, amene kutaya madola asanu sikuwapweteka. Wounika mabuku woona afotokoza nkhani pang'ono osaulula mathero, atchula wolemba ndi wojambula, anena msinkhu woyenera, auza ngati nkhani yatha kapena ipitirira, aonetsa tsamba limodzi la m'kati, ndipo saopa kunena kuti ili musagule. Amene ayamikira buku lililonse sathandiza munthu. Kuno kwathu wounika wabwino koposa ndiye mphunzitsi amene waliwerenga pamodzi ndi kalasi lake, ndi mwana amene walibwereza kachitatu wosakakamizidwa. Ndipo zikadakhala bwino mawailesi athu, monga Mphangwe ku Katete ndi Breeze ku Chipata, akadapatula kamphindi ka aphunzitsi ndi ana kuti akambe za mabuku amene awerenga.

Funso: Kodi mabuku awa sachititsa mwana ulesi wowerenga mabuku enieni?

Yankho: Mwana amene aopa tsamba lodzaza ndi zilembo ndiye athandizidwa koposa ndi buku la zithunzi, chifukwa chithunzi chimugwira dzanja pamene mawu amuvuta, ndipo atatsiriza buku lonse yekha kwa nthawi yoyamba, mtima wake ulimba, nafuna lina. Choopsa chili pa kumusiya pomwepo. Kholo ndi mphunzitsi akaona kuti mwana wayamba kuthamanga m'timabokosi, amuikire pafupi Nthondo ya Samuel Nthara, kapena Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, kapena mabuku a Chinyanja osindikizidwa ndi ZEPH, kuti njala imene zithunzi zadzutsa ikakhute ndi chakudya cholimba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Funso: Tsono pomaliza, ndi ati oyenera ndalama yathu?

Yankho: Buku loyenera kugula ndilo limene nkhani yake ili yathunthu m'chikuto chimodzi, zithunzi zake zilankhula ngakhale mawu ataphimbidwa, msana wake ngwolimba, msinkhu wake ugwirizana ndi wa mwana wanu, ndipo lionetsa anthu akuda monga anthu, a nzeru ndi zofooka zawo. Pa muyeso umenewu, kwa ana aang'ono odziwa Chingerezi mungafune Akissi, nkhani za kamtsikana kosamva ka ku Abidjan zolembedwa ndi Marguerite Abouet. Kwa okonda mpira, Supa Strikas. Kwa a sekondale, Kwezi m'mabuku ake osonkhanitsidwa, ndi mbiri ya Mandela ija. Ndipo kwa akulu ndi achinyamata okhwima, Aya wa wolemba yemweyo Abouet ndi wojambula Clément Oubrerie, amene anatuluka mu 2005 ndi kulandira mphotho pa chikondwerero cha makomiki ku Angoulême mu 2006. Kabuku kopyapyala ka pakati pa nkhani, ka fotokope, kapena kamene wogulitsa akana kuti mukatsegule, kasiyeni pomwepo ngakhale kakhale katsopano chotani.

Popeza mutu umodzi susenza denga, makomiti a makolo ndi aphunzitsi, magulu a achinyamata a m'mipingo ndi makalabu a alimi asonkhe pamodzi pa nthawi yokolola, agule mabuku ochepa osankhidwa bwino, awakute ndi pulasitiki, awasunge m'bokosi lachitsulo, ndi kulemba m'kope dzina la aliyense wobwereka. Ndipo kwa inu anyamata ndi atsikana a ku Katete, ku Chassa ndi ku Vubwi amene mujambula kumbuyo kwa makope anu, dziwani kuti mu 2023 nthano ya Malenga Mulendema ya atsikana anayi a ku Lusaka, Supa Team 4, inaonetsedwa pa Netflix ku dziko lonse. Ulendo wa Amaravi, mbiri ya Undi kuchokera ku Mano kufikira ku Mkaika, nthano za Kalulu ndi Fulu, ndi moyo wa wotchova njinga pa Katete Stores zili kudikira dzanja lanu. Zijambuleni m'Chichewa, mwaulemu ndi mwaluso, ndipo ife makolo anu tidzakhala oyamba kugula.